Mapemphero a pabanja: kuwayamba ndi kuwasunga kuti asafere m'njira

Mabanja ambiri achikhristu kuno ku Mangochi amayamba mapemphero a panyumba mu Januwale, akangochokera ku mapemphero olowera chaka. Sabata yoyamba aliyense amakhalapo: nyimbo zinayi, mutu wathunthu wa m'Baibulo, ulaliki wa abambo, kupemphera mpaka 9 koloko. Pofika mu Febuluwale Baibulo lija lili pawindo, fumbi lili mbuu. Moto wa mapesi. Sikuti anthuwo sakonda Mulungu ayi. Mwambowu umafa chifukwa umatalika, ulibe nthawi yake yokhazikika, ndiponso umatsamira pa munthu mmodzi.

Malangizo ali m'munsiwa ndi a mapemphero a mphindi 15, masiku asanu pa sabata, oti banja lingawakwanitse ngakhale mu Okutobala kukutentha moti m'nyumba simukhalika. Ndi othandiza kwa Akatolika, a Anglican, a CCAP, a Seventh Day ndi a mipingo ya Pentekoste. Pamene miyambo yasiyana tinena.

Choyamba: gwirizanani awiri musanaitane ana

Musalengeze pamphasa ngati lamulo la mfumu. Bambo ndi mayi akhale pansi paokha n'kumvana za nthawi, malo, ndi kutalika kwake. Pakhomo pamene agogo akulera zidzukulu, agogowo akambirane ndi mdzukulu wamkulu amene amatha kuwerenga, chifukwa ntchito yambiri idzagwera iyeyo.

M'boma lino makomo ambiri ndi osakanikirana: mayi Mkhristu, bambo Msilamu, kapena muli mwana wa achibale achisilamu amene akukhala nanu chifukwa cha sukulu. Musawakakamize, ndipo musachite mobisa. Auzeni poyera kuti, "Abambo, ine ndi anawa tizipemphera pang'ono tikatha kudya, ngati simukuonapo vuto." Sankhani nthawi yosawombana ndi swala yawo. Mwana wa eni asakhale pa mapempherowo makolo ake asakudziwa. Werengani nokha 1 Akorinto 7:12-16 ndi 1 Petro 3:1-2 musanayambe. Ndime zonse ziwirizi zikuika kulemera pa khalidwe lanu ndi mtendere wa m'nyumba, osati pa kupambana mtsutso.

Chachiwiri: mangirirani nthawi ku chinthu chimene mumachita kale

"Tizipemphera usiku" si nthawi. Nthawi yogwira ndi yomangiriridwa ku chinthu chochitika tsiku ndi tsiku, ndipo pakhomo chinthucho ndi nsima yamadzulo. Yambani mukangosamba m'manja, mbale zitaunjikidwa pambali, wina asanadzuke. Mukalola kuti atsikana ayambe atsuka mbale, anyamata apite kuvidiyo, abambo akaone kaye mpira, simuwasonkhanitsanso. Ngati ana aang'ono amagona ndi mbamu m'manja, pempherani musanadye, ndiwo zitapsa koma nsima isanathiridwe ufa. Musapemphere nsima ili pamphasa ikuzizira. Mwana wanjala samva vesi, amangoyang'ana mbale.

Mabanja a kudoko ndandanda yawo ndi ina. Alovi, asodzi a khoka la chilimira, amanyamuka dzuwa likupendeka n'kubwera m'mawa ali otopa, pamene amayi ali pa thandala kuyanika usipa. Pamenepo nthawi yabwino ndi ya m'ma 4 koloko masana, bambo asanatsikire kunyanja. Masiku amene mwezi ukuwala kwambiri, nyali sizikoka nsomba ndipo ambiri amagona kunyumba. Amenewo ndiwo masiku oti mubwerere ku nthawi yamadzulo ndi kutalikitsako pang'ono. Chimodzimodzi mwera ukavuta m'miyezi yozizira.

Amene mwasankha m'mawa muli ndi wotchi yaulere. Kuitana kwa kumzikiti kwa mbandakucha kumamveka pafupifupi mudzi uliwonse, ndipo sikuphonya tsiku. Palibe cholakwa Mkhristu kudzuka nako n'kutsegula Baibulo lake.

Chachitatu: konzani zipangizo

Baibulo limodzi ndi lokwanira. M'Chichewa odziwika kwambiri ndi Buku Lopatulika la 1922, Malembo Oyera la Akatolika la 1966, ndi Buku Loyera la 1998 lomwe Akatolika ndi mipingo ina anamasulira limodzi. Buku Lopatulika lili ndi Chinyanja chakale chokoma m'khutu la akuluakulu, koma ana a pulayimale amapunthwa nacho. Powerenga ndi ana, Buku Loyera limamveka msanga. Mudziwiretu kuti pamene Buku Lopatulika lalemba Yehova, Buku Loyera lalemba Chauta, ndipo ana adzafunsa. Poloweza mavesi tsatani Baibulo limene limawerengedwa kutchalitchi kwanu, kuti mwana asasokonezeke ku Sande sukulu kapena ku katekisimu. Ngati pakhomo mumayankhula Chiyao, Baibulo la Chiyao liliponso. Funsani kwa abusa kapena ku Bible Society of Malawi.

Foni ingathandize: pulogalamu ya YouVersion ili ndi Mabaibulo a Chichewa, ndipo mukakopera pa foni limawerengeka popanda bandulo. Vuto lake ndi uthenga wa WhatsApp wolowa pakati pa vesi. Zimitsani data musanayambe, ndipo mafoni ena onse akhale m'chipinda.

Mufunikanso nyali ya sola kapena tochi yotchajidwa masana, kope la masamba ochepa ndi cholembera chomangiriridwa ku kopelo ndi ulusi. Anthu ambiri opitirira zaka 40 amasiya kuwerenga Baibulo osati chifukwa cha ulesi koma chifukwa zilembo zayamba kuchita chimbuuzi. Kapimitseni maso, nthawi zambiri magalasi owerengera amathetsa vutoli. Baibulo ndi kope zizikhala mu jumbo, m'chigoba chotsekera, pamwamba. Chiswe ndi denga lodontha zatha Mabaibulo ambiri kuposa kuwerenga. Ngati mukhala pakhonde, valani zofunda miyendo, poti nthawi imeneyi ndi imene udzudzu wayamba ntchito.

Chachinayi: dongosolo la mphindi 15

Yambani ndi nyimbo imodzi, ndime ziwiri zokha, yoti aliyense akuidziwa pamtima. Zimenezi ndi mphindi zitatu. Nyimbo ndiyo belu. Wochedwa akaimva amabwera yekha popanda kumukalipira.

Kenako mmodzi apemphere mawu ochepa opempha Mulungu kuti atsegule mitima. Akatolika ndi a Anglican amayamba ndi chizindikiro cha mtanda.

Werengani mavesi 10 mpaka 15, mokweza, mosathamanga. Imani pamene nkhani yathera, osati pamene nambala yakwana. Mukatha, tsekani buku, ndipo wina amene sanawerenge afotokoze nkhaniyo m'mawu akeake, m'Chichewa cha pakhomo kapena m'Chiyao. Ena amuthandize pamene wadumpha. Gawo ili musalisiye. Ndi limene limasonyeza ngati zamveka, ndipo limapatsa malo agogo osadziwa kuwerenga, amene kawirikawiri ndiwo akatswiri ofotokoza nkhani. Kuwerenga ndi kufotokoza kutenge mphindi zinayi.

Mphindi zinayi zotsatira ndi za mafunso, ndipo zinayi zomaliza ndi za pemphero. Ziwirizi tizifotokoza pazokha.

Woyang'anira nthawi akhale mwana. Ana saopa kuuza bambo awo kuti, "Ababa, nthawi yatha," ndipo bambo wanzeru amamvera. Kuli bwino kusiya anthu akufunabe kusiyana ndi kuwatopetsa.

Chachisanu: muwerenge chiyani

Musamangotsegula paliponse pamene chala chagwera. Njira imeneyi imabwerera m'mavesi omwe aja, ndipo imaphunzitsa ana kutenga Baibulo ngati ula. Musayambirenso ku Genesis ndi cholinga chofika ku Chivumbulutso: Baibulo la mabuku 66 lili ndi mitu 1,189 (la Akatolika lili ndi mabuku 73), ndipo mabanja ambiri amatitimira mu Levitiko.

Yambani ndi Marko. Ndi Uthenga Wabwino waufupi kuposa ina yonse, mitu 16, mavesi opitirira 650. Pa mavesi 12 pa tsiku, masiku asanu pa sabata, mumaliza pa masabata 11 kapena 12. Kuwonjezera apo, zambiri za mu Marko zikuchitikira m'mbali mwa nyanja. Mwana wa ku Malindi, ku Makanjira kapena ku Msaka safuna womufotokozera za anthu osoka makoka (1:16-20) kapena za namondwe wodzaza bwato ndi madzi (4:35-41). Mufunseni iyeyo kuti afotokoze zimene zimachitika bwato likayamba kumwa madzi usiku, kenako funsani chifukwa chake ophunzira aja anaopa kwambiri nyanja itakhala bata kuposa pamene inkawinduka.

Mukatha Marko, pumulirani pa mabuku aafupi: Rute ndi Yona, lililonse mitu inayi. Kenako nkhani ya Yosefe, Genesis 37 mpaka 50, imene imagwira mtima pakhomo pamene pali wina amene anapita kunja kukafuna ntchito. Apa kholo liziwerengeratu masana, chifukwa mitu 38 ndi 39 ili ndi nkhani zoti muganize kaye momwe mungazinenere pamaso pa ana aang'ono. Pambuyo pake Luka ndi Machitidwe a Atumwi motsatizana, kenako Yakobo.

Akatolika ndi a Anglican ali ndi mawerengo oikika a Lamulungu lililonse. Tsiku limodzi pa sabata, makamaka Lachisanu, werengani Uthenga Wabwino wa Lamulungu likudzalo. Mwana amene waumva kale kunyumba amatchera khutu kutchalitchi.

Vesi loloweza likhale limodzi pa sabata, lonenedwa pamodzi tsiku lililonse nyimbo ikatha. Salimo 23 lili ndi mavesi 6, ndiye pa masabata 6 banja lonse lalidziwa. Salimo 121 lili ndi mavesi 8, ndipo ndi loyenera kunenera munthu amene akunyamuka ulendo.

Wamkulu wofuna kuwerenga payekha adziwe kuti Chipangano Chatsopano chili ndi mitu 260. Mutu umodzi pa tsiku, Lolemba mpaka Lachisanu, chimatha ndendende pa masabata 52.

Chachisanu ndi chimodzi: mafunso atatu, makamaka lachitatulo

Funsani mafunso omwewa tsiku lililonse mpaka ana awaloweze. Ndimeyi ikutionetsa chiyani za Mulungu? Ikutionetsa chiyani za anthu? Nanga mawa tichita chiyani?

Ayambe kuyankha ndi wamng'ono, wamkulu amalize. Bambo akayamba, ena onse amangoti "ndi momwemo".

Mafunso awiri oyambawo savuta. Lachitatu ndi limene limasiyanitsa banja limene likukula ndi banja limene likungomva nkhani. Yankho loti "tizikondana" kapena "tizikhulupirira Mulungu" musalilandire, ngakhale ndi loona, chifukwa palibe angadziwe mawa madzulo ngati lachitika. Yankho labwino lili ndi munthu, malo ndi nthawi. Mukawerenga za anthu anayi amene ananyamula wofa ziwalo (Marko 2:1-12), mnyamata anganene kuti, "Mawa ndiwatenga agogo a kuseriku pa njinga kupita nawo kuchipatala." Mukawerenga za muyeso wonyenga (Miyambo 11:1), mayi wogulitsa usipa aganize za chigoba chake chophwanyidwa pansi, wakabaza aganize za mtengo umene amatchulira mlendo wosadziwa njira. Mukawerenga za Zakeyu (Luka 19:1-10), funso ndi la ngongole ya ku banki m'khonde imene mwakhala mukuizemba, kapena khasu la eni limene munabwereka chaka chatha.

Chochita chikhale chimodzi, chaching'ono, chotheka mawa lomwe. Chilembeni m'kope. Tsiku lotsatira, musanawerenge ndime yatsopano, funsanani: "Zija zatheka?" Makolo ayankhe nawo. Mayi akanena pamaso pa ana kuti, "Ine sindinapite kukawapepesa anzanga aja, ndinachita manyazi, ndipita mawa," ana aphunzira za kulapa kuposa momwe akanaphunzirira pa ulaliki wa ola lathunthu. Wolephera asanyozedwe, mungomufunsa chimene chinamutchinga.

Funso likakukulirani, musapeke yankho. Nenani kuti tikafunsa, lilembeni kumapeto kwa kope, ndipo mupite nalo ku mphakati, ku mlaga, kwa akatekisiti kapena kwa abusa. Mukabwera nalo yankho, mwana adziwa kuti funso lake silinatayidwe.

Chachisanu ndi chiwiri: pemphero

Aliyense anene chiganizo chimodzi kapena ziwiri, mozungulira. Tsatani ndondomeko yosavuta: kuthokoza, kupepesa, kupempherera ena, kenako zosowa zanu. Tchulani zinthu ndi mayina ake: mayeso a Sitandade 8, mimba ya achemwali, injini ya boti, mvula, aneba odwala ngakhale ali a chipembedzo china. Yesu anachenjeza za kuchulukitsa mawu (Mateyu 6:7), ndipo pemphero limene anaphunzitsa limatha mphindi isanakwane. Tsekani nalo limenelo, nonse pamodzi.

Mwana wa zaka zinayi angathe kunena "Zikomo Yesu chifukwa cha nsima." Musamukonze, musaseke.

Korona yathunthu imatenga mphindi pafupifupi 20, ndiye singalowe m'dongosolo lino. Mabanja achikatolika anganene gawo limodzi la Tikuoneni Maria khumi pa tsiku, yathunthu n'kuisungira Loweruka kapena miyezi ya Meyi ndi Okutobala. A Seventh Day ali kale ndi mwambo wotsegula Sabata Lachisanu dzuwa likamalowa. Tsiku limenelo likhale lotalikirapo, enawo aafupi.

Zopempherera zilembedwe m'kope ndi deti lake. Kumapeto kwa mwezi werengani mndandandawo, chongani zimene zayankhidwa, ndipo zimene sizinayankhidwe muzinene poyera osazibisa.

Gawanani ntchito

Woyambitsa nyimbo, wowerenga, wofotokoza, wofunsa mafunso, wosunga nthawi: ntchito zisanu, zizisinthana sabata iliyonse. Cholinga n'chakuti tsiku limene mayi ali kumaliro ku Namwera kapena bambo achedwa ku Monkey Bay, otsalawo apitirize okha.

Ngati bambo ali ku Joni, asatuluke m'bwalo. Nthawi ya ku South Africa ndi ya kuno ndi imodzi, choncho angawerenge ndime yomweyo pa ola lomwelo. Atumizireni ndandanda ya sabata yonse pa WhatsApp. Kuimbirana pa vidiyo kumadya bandulo ndipo kumadukaduka. Uthenga wa mawu wosapitirira mphindi imodzi ndi wokwanira. Apatseni ntchito yawo: kamodzi pa sabata atumize pemphero lotchula mwana aliyense ndi dzina. Nkhani ya ndalama muikambe pa nthawi ina. Mukaiphatikiza ndi mapemphero, bambowo ayamba kuopa kutsegula uthengawo.

Zimene zimaononga

Choopsa kwambiri ndi kusandutsa mapemphero bwalo la milandu. Bambo amasankha Aefeso 6:1 tsiku limene mwana walakwa, kapena 5:22 tsiku limene akangana ndi mayi, n'kudumpha 6:4 ndi 5:25 amene akunena za iwowo. Ena amadzudzulira m'pemphero: "Ambuye, muthandizeni mwana uyu asiye kuba shuga." Ana akazindikira kuti Baibulo likatsegulidwa ndiye kuti wina akalipiridwa, amadana nalo. Kutsata buku limodzi mwandondomeko kumateteza ku zimenezi, poti ndime ya tsikulo simuisankha ndinu. Mlandu uweruzidwe masana.

Tsiku limene mwayambana, mtima umafuna kudumpha. Musadumphe, koma musanamizirenso. Mateyu 5:23-24 ndi Aefeso 4:26 akunena kuti kuyanjana kuyambe. Mawu ake ndi ochepa: "Amayi, ndinakuyankhani mwamwano masana, mundikhululukire." Ngati mitima ikadali yotentha, nenani Salimo ndi Pemphero la Ambuye basi. Koma pamene pali kumenyana kapena nkhanza kwa ana, pemphero lisakhale chophimbira. Nkhaniyo ipite kwa ankhoswe ndi akuluakulu a mpingo, ndipo ngati wina wavulazidwa kapena ali pangozi, ku Victim Support Unit ya kupolisi.

Musatchule wachibale kapena mnansi m'pemphero ngati mfiti. Ana amakanena kumjigo, ndipo mawu otero athamangitsa nkhalamba zambiri m'midzi. Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Pempherani chitetezo cha Mulungu popanda kuloza chala.

Mwana akatentha thupi, pempherani muli m'njira yopita kukayezetsa malungo, osadikira kuti kuche kawiri. Yakobo 5:14 akuti muitane akulu a mpingo. Sakuti musiye mankhwala. Amene ali pa ma ARV, pa mankhwala a shuga kapena a BP apitirize kumwa ngakhale wina awauze kuti achira. Ana, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asasale kudya.

Za alaliki a pa foni: ena ndi othandiza, ena ndi amalonda. Yesani zonena zawo ndi Malembo monga ankachitira a ku Bereya (Machitidwe 17:11), ndipo wofuna kuti mutumize ndalama kuti akupempherereni muwerengereni nkhani ya Simoni pa Machitidwe 8:18-20. Wailesi, monga Radio Maria imene likulu lake lili konkuno ku Mangochi, ndi yabwino pogwira ntchito masana, koma isalowe m'malo mwa mawu a anthu a m'nyumba mwanu.

Mawu anu akhale a m'nyumba. Kufuula usiku pakati pa nyumba zoyandikana, makamaka mwezi wa Ramadhani pamene anzathu amadzuka usiku kudya, kumabala udani umene Aroma 12:18 akutiuza kuupewa.

Mukadumpha masiku chifukwa cha maliro, matenda kapena alendo, yambirani pomwe munalekezera. Musawerenge ndime zitatu kuti mubweze ngongole, ndipo musadikire Lolemba kapena mwezi watsopano. Mlendo akakupezani, muuzeni kuti pakhomo pano timapemphera pang'ono tikadya, ali womasuka kukhala nafe kapena kupumula.

Pakatha miyezi itatu

Mukamaliza Marko, khalani pansi ndi kope. Werengani masiku amene munakumana. Ngati pa masiku asanu mumakwanitsa atatu, mwambowo uli moyo. Onani tsiku limene limadumphidwa kawirikawiri n'kufunsa chifukwa chake. Nthawi zambiri likhala tsiku la msika kapena la kwaya, ndipo mankhwala ake ndi kulisinthanitsa ndi Loweruka. Funsani ana gawo limene amalikonda ndi limene limawatopetsa, ndipo musinthe chimodzi chokha.

Musafulumire kuyeza zipatso pa nkhope za anthu. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, koma munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881. Mnyamata wa Fomu 2 amene amakhala chete, mutu uli pansi, musamuchotse pa ndandanda. Mupatseni ntchito yowerenga, imene siimukakamiza kuulula za mumtima.

Nthawi iunikidwenso nyengo ikasintha. Mvula ikayamba anthu amalawirira kumunda ndipo madzulo amagona msanga, choncho bwezani mapemphero kuti achitike musanadye. Nyanja ikatsekedwa kumapeto kwa chaka, abambo a kudoko amapezeka pakhomo. Apatseni sabata zawo zotsogolera m'miyezi imeneyo, ndipo buku lotsatira lisankhidwe iwo ali pomwepo.